Amayi awiri, pepala limodzi

Uthenga unandipeza m'matope, matope ofika m'mawondo, ndikuwokera mpunga kudimba kwathu kumunsi kwa Sharpevale. Mkazi wa mwini sitolo, sitolo ya Asilamu ija yokhala ndi makina a fakisi, anaima pamzere nkundikuwira kuti mwana wanga wachira ku Blantyre, ndipo pepala la Amayi likudikira kusitolo. Ndinataya mbande. Ndinathamanga ine nkhalamba, nthungululu patsogolo, mpweya pambuyo.

Mwana wangayo anakhala pabanja zaka ndi zaka osaona mwana. Asewere anga, amayi a mwamuna wake, ankamutcha chumba. Tsiku lina anamumenya ndi chikuni chamoto, chipsera chilipo paphewa mpaka lero, ndipo analumbira kuti adzamubweza kwathu ndi mphasa yake. Ndiye pepala limenelo ndinkalifuna m'manja mwanga, ndiyende nalo khomo ndi khomo, amene anaseka aone.

Ndikulowa m'sitolo, ndapeza asewere afika kale, pepala alipinda, akulilowetsa m'bulauzi. Ndinawapempha bwinobwino, ndi manja awiri. Iwo anandiyang'ana matope anga.

"Palembedwa Amayi, ndipo walemba ndi mwana wanga. Khandalo ndikalione kaye ngati ndi magazi athu."

Mawu amenewo, abale, mawu amenewo. Sindikudziwa kuti dzanja langa linafika bwanji pakhosi pawo. Anandigunda ndi mutu pakamwa, dzino langa linagwera m'thumba la shuga. Ndinawaluma khutu ndi mano otsalawo. Tinagwa pansi, tinagubuduzana, mabotolo a mafuta akusweka, sikelo inagwera phazi langa, magazi anga ndi magazi awo osadziwika a yani. Anatola chibenthu cha botolo, chinandicheka pamkono apa. Ine sindinasiye, ndinagwira ngodya ya pepala, iwo anagwira ina, pepala linati kwee, pakati.

Anatilekanitsa ndi amuna onyamula matumba. Mwini sitolo anakwiya, anati nkhondo ya amayi awiri yachokera m'kompyuta. Ife sitinamve, koma patapita masiku mkamwini wanga atabwera anafotokoza chimodzimodzi. Kuntchito kwake mayina a anthu amene amawalembera imelo ankakhala m'kompyuta. Iye anaiuza kompyutayo kuti igawireko fakisi mayinawo, asavutike kulemba kawiri. Tsono amayi ake anawalemba kuti Amayi, ine anandilemba kuti Amayi, ndipo nambala yathu inali imodzi, ya sitolo yomweyo. Kompyuta inati amayi awiri a nambala imodzi ndi munthu mmodzi, inameza mmodzi. Iye potumiza ankayesa kuti apita mapepala awiri. Kufikira lero sitidziwa kuti womezedwayo anali ndani.

Ine zilembo ndimaziwerenga chimodzichimodzi ngati ndikusankha mpunga, asewere ndiye ayi ndithu. Mwini sitolo anati sangawerenge theka la pepala, tibweretse zidutswa zonse. Tinayandikizana, tikupuma ngati ng'ombe zapangolo, chidutswa changa chagunda chawo. Iye anawerenga mawu amene anang'ambika pakati.

"Mapasa. Mwamuna ndi mkazi. Onse atenga makutu a agogo awo akuchimuna."

Asewere anagwira khutu lawo lolumidwalo, anakhala pathumba la shuga, analira. Kenako anati, "Asewere, chipsera chija mukandipepesere. Mphasa yake isachoke m'nyumba."

Nditafika kwathu ndinaimba ndi chibwano chotupa, ndinaimba, ndinavina ngoma ndi phazi limodzi. Ndipo anabwera. Anabwera achemwali anga a ku Mlangeni ndi nkhuku kukhwapa, atsibweni ake a mwana, azakhali a ndodo, amayi a chigwirizano a ku Nzama, azamba opuma a m'mudzi mwathu, anzanga akudimba matope osasamba, onyamula matumba amene anatilekanitsa, mwini sitolo ndi mkazi wake, ndi asewere anga, nsanza pakhutu, theka la pepala m'manja.