A Nachhattar, Mlimi wa Tirigu, Abulunga Zopanda Tirigu

Ife a kuno ku Punjab tikamukonda munthu timamudyetsa, ndipo tikamukonda kwambiri timamudyetsa mpaka ayambe kupumira kukamwa. Mlendo akati "ndakhuta" ife timamva ngati wati "wonjezerani". Nthenda imeneyi tonse tili nayo, koma m'mudzi mwathu, kufupi ndi Moga, amene inawagwira kwambiri ndi a Nachhattar Singh.

A Nachhattar amati anabadwira m'munda wa tirigu. Mayi awo adamwalira kalekale, choncho palibe wowatsutsa. Sukulu anaisiya ataona kuti aphunzitsi sadziwa n'komwe nthawi yothirira mbewu, ndipo kuyambira pamenepo moyo wawo wonse unali kufesa, kuthirira, kukolola ndi kukangana ndi ogula. Anakwatira a Mohinder Kaur, mayi wa lilime lakuthwa, nabereka mwana mmodzi, Kulwant, amene anakana munda napita ku Ludhiana kukagwira ntchito kufakitale ya njinga. Kwa a Nachhattar, munthu amene sanadye chapati cha tirigu ndiye kuti wagona ndi njala. Mpunga ankati ndi chakudya cha odwala. Kukhitchini sankapondako. Akafuna tiyi ankangotsokomola ali pa kama wawo wa zingwe pabwalo, tiyi n'kubwera.

Kenaka kunabadwa Harnoor, mwana wa Kulwant ndi mkazi wake Rupinder, ndipo mdalayo anasungunuka ngati batala padzuwa. Mwanayo akabwera kumudzi ankamukweza pa thirakitala, kumuonetsa njati zamkaka, kumulola kukoka ndevu zimene munthu wina aliyense sakanayerekeza kuzikhudza. Chimodzi chokha chinkawadetsa nkhawa: mwana ankakula wowonda, wotumbuluka, m'mimba mukungomupweteka. Mankhwala amene a Nachhattar ankawadziwa anali amodzi, kumuwonjezera chapati.

Tsiku lina Kulwant anaimba foni kuti madokotala apeza vuto. Thupi la mwanayo limadana ndi tirigu. Asadyenso moyo wake wonse, ngakhale fumbi lake lisalowe m'kamwa.

"Tirigu?" anatero a Nachhattar. "Mdzukulu wa Nachhattar Singh kudwala tirigu? Ndiye mawa mundiuza kuti nsomba yadwala madzi!"

Ife tonse tinaseka nawo, chifukwa nafenso tinkaganiza chimodzimodzi. Tinkati ndi matenda a m'tauni, obwera ndi mafoni.

Nthawi yokolola banja la Kulwant linabwera kumudzi. Rupinder anabwera ndi ufa wa mwana, chiwaya cha mwana, ngakhale mbale ya mwana. A Nachhattar anaona ngati awatukwana. Madzulo ena anamutengera Harnoor kuseri kwa khola la njati, natulutsa m'thumba theka la chapati chofunda, chonona ndi batala. Mumtima ankati kachidutswa kokha kangaphe ndani. Mwana anadya, nanyambita zala, ndipo kutacha anali kusanza, atapindika ndi m'mimba, osatha ngakhale kulira mokweza.

Rupinder sanakalipe. Akanakalipa zikanakhala bwino, chifukwa a Nachhattar mikangano amaitha. Anangolongedza katundu, naima patsogolo pa apongozi ake mpango uli kumutu.

"Bambo, sindikunena kuti simumukonda. Koma chikondi chanu chindiphera mwana."

Kuchokera tsiku limenelo Harnoor sanapondenso kumudzi. Mvula inabwera n'kupita, mpunga unakololedwa, tirigu watsopano anafesedwa, agogo akungomva mawu a mdzukulu pafoni. Anasiya kupita pansi pa mtengo pamene madala amasewera makhadi. Ankasowa mwanayo koopsa, ndipo ankadziwa kuti anadzipalira okha.

"Mwatupa chiyani, bambo a Kulwant?" ankatero a Mohinder powapatsa tiyi. "Pitani kuseri kwa khola mukadyetse njati chapati. Zija sizisanza."

Chisanu chitafika, nkhungu itaphimba minda, Kulwant anaimbanso. Anati abwera sukulu zikatseka, koma kudzangowaona n'kubwerera tsiku lomwelo. Kenaka anatsitsa mawu, zoonetsa kuti mkazi wake anali pafupi. Anati Harnoor akulirira kutsala kumudzi tchuthi chonse, ndipo Rupinder sanavomere koma sanakanenso. Adzaona akafika.

Nyengo ya chisanu kuno ndi nyengo ya pinni, timibulu tija ta ufa wa tirigu, mafuta a mkaka ndi shuga, timene nyumba iliyonse imadzaza m'zitini kuti ana azitola podutsa. Mwana wobwera kwa agogo n'kusapeza pinni ndiye kuti agogowo anafa. A Nachhattar anaganiza usana wonse, kenaka analengeza kuti apanga pinni wopanda tirigu, ndipo apanga okha ndi manja awo.

A Mohinder, amene zala zawo zinali zitatupa ndi nyamakazi, anawayang'ana kuyambira ku nduwira mpaka ku nsapato.

"Inu? Mukudziwa kumene timasunga supuni?"

"Ungondiuza zothira, mayi iwe. Zotsalazo ndi nzeru za munthu."

"Chabwino, a nzeru za munthu. Kagulani tchana, nyemba zozungulira zija, wokazinga kale, kuti pasakhale choti mupsereze. Akhale ufa. Musakanize ndi shuga wa nzimbe wamibulu uja, mafuta a mkaka, chitowe ndi mtedza wosinja. Moto musauyandikire. Koma mumuimbire kaye Rupinder, akuuzeni zoyenera kupewa."

Kumuimbira Rupinder anakana. Anati mwamuna wa ndevu zoyera safunsa mpongozi kaphikidwe, komanso ankafuna kuti adzadabwe. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma mwambi umakoma ukamanena mnzako.

Kusamala ndiye anasamala, zimenezo tisawanamizire. Anagula beseni latsopano, supuni yatsopano ndi chitini chatsopano. Poona kuti m'khitchini ufa wa tirigu uli paliponse, ananyamula zonse kupita nazo pamwamba pa denga. Anasamba m'manja ndi sopo mpaka khungu kuyera, namanga ndevu ndi nsalu kuti fumbi lisagweremo. A Mohinder atakwera kudzaona, anawabweza pamakwerero.

"Wagwira ufa m'mawa uno. Imira komweko!"

"Ha! Lero ndasanduka wodetsedwa m'nyumba mwanga momwe?"

Tchana uja anapita naye kuchigayo cha Darshan, chifukwa kuno chilichonse chofuna kugayidwa chimapita kwa Darshan. Mwendo umangokutengera wokha, mutu osaufunsa. Darshan anali mbuu ndi ufa kuyambira ku nsidze mpaka kumapazi, atangomaliza kugaya thumba la tirigu la anthu ena. A Nachhattar anamuuza kuti agaye mosalala, n'zamdzukulu amene sadya tirigu. Darshan anagwedeza mutu mwachifundo, nathira tchana m'chigayo momwemo. Tinalipo ambiri pamzere, alimi okhaokha odziwa zinthu, ndipo tonse tinayamikira mtima wa agogowo. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaona chachilendo.

Kubulunga kunawavuta. Manja amene anazolowera kumanga mitolo ndi kukoka zingwe za njati sadziwa kufatsa. Akafinya, kambulu kankaphwanyika n'kutulukira pakati pa zala. Akalekerera, kankangomwazika m'beseni. Anawonjezera mafuta, zinthu n'kusanduka phala. Anawonjezera ufa, n'kuuma gwa.

"Mukuumba njerwa kumeneko?" anafuula a Mohinder ali pansi. "Tenthetsani mafutawo m'manja mwanu, muzungulize pang'onopang'ono. Si khosi la wogula tirigu limenelo!"

Pofika masana anali atazigwira. Timibulu tinatuluka tosiyanasiyana, tina ngati mazira a nkhunda, tina ngati mbatata, koma tinagwirana, ndipo atalawa kamodzi anapeza kuti n'kokoma. Anakhala padengapo ali okhaokha, mafuta mpaka m'zigongono, akuseka. Madzulo ake anabwerera pansi pa mtengo wa makhadi atanyamula chitini, osati kudzagawa, koma kudzationetsa. Ankatsegula chivindikiro pang'ono, ife kusuzumira, iwo n'kutseka msanga kuopa mpweya wathu.

Tsiku la alendo linafika. Galimoto itaima pachipata, Harnoor anatuluka atanenepako, masaya ali ofiira, ndipo zimenezi zinawapweteka a Nachhattar pang'ono, poona kuti mwana wanenepa popanda iwo. Mwanayo anathamanga nawakumbatira miyendo. Rupinder anawerama kugwira mawondo a apongozi ake monga mwa ulemu wathu, koma m'galimoto sanatsitsemo kanthu.

Atakhala pabwalo, a Nachhattar anatulutsa chitini nayamba kufotokoza: beseni latsopano, supuni yatsopano, padenga, sopo, nsalu ya ndevu. Rupinder anamvetsera, natenga kambulu kamodzi, nakanunkhiza.

"Muli chiyani umu, Bambo?"

Anatchula zonse popanda kuphonya, ngati mwana wa sukulu.

"Mafutawo supuni yake sinalowe mu ufa?"

"Ndinatsegula botolo latsopano, mwanawe."

Rupinder anayang'ana a Mohinder, a Mohinder anagwedeza mutu. Nkhope ya mpongoziyo inamasuka. Anauza Harnoor kuti akasambe m'manja adzatenge kamodzi, iye nalowa m'nyumba kukathandiza apongozi ake aakazi kunyamula tiyi.

Kulwant anali ataponya kale kambulu m'kamwa.

"Koma Bambo mwatha! Ufa wosalala chonchi, munasinja mumtondo?"

"Mtondo wa chiyani? Ndinapita nazo kwa Dar..."

Dzinalo sanalimalize. M'maso mwawo munabwera Darshan, nsidze zake zoyera, ndi chigayo chake chimene chimameza tirigu wa mudzi wonse kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Thukuta linatuluka pansi pa nduwira, kunja kukuzizira chotero. Kulwant sanamve kanthu, anali kalikiliki kusankha kambulu kena. Rupinder anali m'nyumba. Palibe wina amene ankadziwa, ndipo akanangotseka pakamwa, mwana akanatsala. Mtima unawanong'oneza kuti kafumbi kokha, mwina sikanalowemo n'komwe.

Harnoor anabwera akupukuta manja pa juzi, nasankha kambulu kakakulu kuposa tonse. Anayang'ana agogo ake akumwetulira, nakakweza kukamwa.

A Nachhattar anatambasula dzanja n'kukatsomphola.

Kuno, kulanda chakudya pakamwa pa mwana n'chinthu chimene ngakhale galu amamenyedwa nacho. Harnoor anayang'ana dzanja lake lopanda kanthu, nayang'ana agogo ake, kenaka analira kulira kumene anthu a nyumba yoyandikana anamva. A Nachhattar anakumbatira chitini pachifuwa ngati wakuba. Rupinder anatuluka akuthamanga, a Mohinder pambuyo.

"Chachitika n'chiyani?"

"Agogo andilanda!"

Mdalayo anaimirira, maso ali pansi.

"Mwanawe, tchana uja ndinakagayitsa kwa Darshan. M'chigayo cha tirigu. Ndinatsuka beseni, ndinatsuka manja, ndinamanga ndevu, koma mutu ndinaiwala kutsuka. Usamupatse. Ndine chitsiru chokalamba."

"Zimenezo takhala tikuzidziwa," anatero a Mohinder, koma motsitsa, ndipo palibe anaseka.

Rupinder anagwada, natsegula pakamwa pa mwana, nayang'ana lilime ndi milomo. Anamupukuta zala ndi mpango wake. Kenaka anaimirira, natenga makiyi m'manja mwa Kulwant, nalunjika kuchipata. A Nachhattar anakhala pansi pa kama wawo. Anadziwa kuti basi, zatha, ndipo ulendo uno panalibenso choti adzayembekezere. Harnoor anali akusisima kumbuyo kwa agogo ake aakazi, osafuna ngakhale kuwayang'ana.

A Nachhattar anamva chitseko cha galimoto chikutseguka, kenaka chikutsekeka. Injini sinalire. Rupinder anabwerera atanyamula chikwama cha zovala za mwana kudzanja lina, kudzanja lina thumba la ufa ndi kachiwaya. Anadutsa mwamuna wake, anadutsa a Mohinder, naziika pamapazi pa apongozi ake aamuna.

"Ufa wake ndi uwu, Bambo. Chiwaya ichi chisakhudze china chilichonse. Ndidzamutenga sukulu zikamatsegula."

A Nachhattar anakweza maso osamvetsa.

"Koma ndalakwitsanso, mwanawe."

"Ndaona," anatero Rupinder. "Odyetsa mwana uyu ndi ambiri, Bambo. Kusukulu, kumaukwati, kwathu, kwanu kuno, aliyense ndi kachidutswa kake. Wolanda ndinali ine ndekha, ndipo ndinatopa."