Kalipentala Amene Anagawa Malo Ake Kumanda

Abale mwa Ambuye, mwezi uno tikukumbukira bambo amene tonse tinkangowatchula kuti a Kalipentala. Anakula ali amasiye, akusesa utuchi mushedi ya amalume awo, ndipo mabenchi timakhalira m'tchalitchimuwa ndi ntchito ya manja awo. Mphatso ya mwana sanaione. Akazi awo atamwalira anawaika mumzere wa banja lawo kumanda a mpingo, n'kudzisungira malo pambali pawo. Loweruka lililonse ankakalambulapo, amvekere, "Mayi, musatope kudikira, ndikubwera."

Kenako kunafika chinamtindi cha anthu othawa nkhondo, n'kumanga matenti pabwalo la sukulu. Madzi pampopi anayamba kuvuta, kuchipatala anthu ankafola mpaka kumsewu, ndipo mitima ya akhristu inauma gwa. Matenda otsegula m'mimba atabuka kumatentiko n'kuyamba kupha anthu, akuluampingo anagamula kuti manda ndi a mabanja a mpingo basi.

"Mzere wa banja langa ndili nawo ufulu, eti?" anatero a Kalipentala. "Ndiye alendowa ndawatenga, ndi akwathu."

Anakhoma mabokosi, n'kumaika alendowo mmodzimmodzi mumzere wawo. Anthu anasiya kuwapatsa ntchito. M'tchalitchi ankatsala okha pabenchi ngati ali ndi mphere.

Atangotsala malo awo aja, kunabwera mayi wina atabereka mwana wozizira kale. Chilankhulo sankamvana. A Kalipentala anayang'anitsitsa manda a akazi awo, kenako anatenga khasu.

"Nanga inuyo mudzagona pati, bambo?" anafunsa wapampando wa mpingo.

"Mudzaona ndinu, a tcheya. Simungandisiyanitse ndi akazi anga."

Patapita zaka, malole anadzasamutsa othawa nkhondo onse aja. A Kalipentala anakalamba okhaokha, ndipo mwezi watha anatisiya mwakachetechete m'mawa atatha kupemphera, akukhulupirira ndithu kuti mpingo uwapezera kampata pafupi ndi akazi awo.

Kampatako kanalipo, ndinakaona ndi maso angawa, ndipo ndikulemba izi mtima ukuwawa. Akuluampingo anati lamulo ndi lamulo, mzere unadzaza, anagawa okha. Anawaika kuseri kwa mpanda, pamene timatayira nkhata zouma. Lamulungu lotsatira, wapampando yemweyo anaima kutsogolo n'kutilimbikitsa kutengera chitsanzo chawo.