Thumba la Simenti Kumsana

Ndiulule: kunyumba sadziwa kuti ndapeza ntchito yoyendetsa thiraki. Iwo amati ndimakaphunzira kusoka. Lero ndalota izi.

Ndili pachiwongolero, ulendo woyamba wa ku Beira, mwana wanga Tadala ndamubereka kumsana. Pa rodibuloko, wapolisi wondiimitsa ndi apongozi anga aakazi, atavala yunifolomu ndi duku.

"Amake Tadala, zimitsani injini. Mwanayo wayamwa?"

Ndikumasula chitenje, koma chomwe chikugwa ndi thumba la simenti. Tadala ali pangolo ya thirakiyo, atamangidwa ndi zingwe pansi pa lona, akundibayibitsa.

"Muyende bwino, adalaivala," akutero, mwana wa miyezi isanu ndi itatu!

Ndadzuka mkaka utanyowetsa malaya. Komabe ndawaimbira abwana kuti Lolemba ndiyamba. Amayi anzanga, ndachita bwino kodi?