Swichi imene ndinachoka nayo ku mgodi

Tsiku limenelo analipo ndi awa: amayi a kunyumba, mwana wanga wamwamuna wogwira ntchito ku Ndola, akatekisiti athu, ndi alendo atatu a kwawo kwa mnyamata amene ankafuna mwana wanga wamkazi, amalume ake awiri ndi azakhali. Anabwera kudzaona kuti ndife anthu otani.

Ine ndinagwira mgodi, ine! Mawu anga ankamveka ngakhale makina akulira. Atagulitsa migodi anatipatsa kalata yotichotsa ntchito, basi, kwatha. Chimene ndinabwera nacho kuno ku Ndeke ndi swichi yopotokola, imene kapitawo wachizungu anandisiyira pobwerera kwawo. Ukaipotokola, kuwala kumachepa pang'onopang'ono ngati mu hotela. Mu laini yathu yonse panalibe wina anali nayo, ndipo mlendo aliyense ndinkamuonetsa.

Sabata imeneyo mwana wanga wamwamunayo anachotsa babu lakale n'kuika lamakonoli, lopindikapindika, losadya magetsi. Anati, "Atate, ili silichepetsedwa. Muzingoyatsa mpaka kumapeto."

Ndinamukalipira. "Iwe! Swichi iyi inalowa m'nyumba uli wamamina!"

Cha m'ma fifitini, 3 koloko masana, mvula inadetsa kunja, tinayatsa. Amalume aakuluwo, Mbemba wa tayi, wa mu ofesi, maso anali pa mipando yathu yong'ambika. Mtima unandiwawa. Ndinaimirira, n'kuwaitana mwaulemu wa Chibemba.

"Mukwai, taonani za ku mgodi izi!"

Ndinapotokola. Babu linayamba kuphethira, likulira ngati njuchi. Ndinapotokolanso, mwamphamvu. Linathima, m'nyumba monse fungo la pulasitiki wopsa. Azakhali anabisa pakamwa ndi chitenje. Amalume aja anati m'Chibemba, "Achikulire, nalonso alichotsa ntchito!"

Onse anaseka, ndi akatekisiti omwe. Ife a kum'mawa ndi Abemba tili pa chimbuya, akakunyoza sukwiya, umabweza. Ine amene sindinasowepo chobweza ndinangoseka nawo ngati chitsiru, m'nyumba mwanga. Nkhani ya ukwati tinaikambira mumdima, chitseko chili chotsegula, mvula ikulowa.

Alendo atapita, mwana wanga anatulutsa sikuludiraiva m'thumba. Ndinaima kutsogolo kwa khoma, kutchinga swichi yanga. Sanakweze mawu, ndipo ndicho chimandipweteka mpaka lero.

"Atate, pepani, tasunthani. Mlongo wanga asadzachitenso manyazi chonchi. Ndikuikirani swichi wamba. Iyi muisunge mu sutikesi, pamodzi ndi chisoti chanu cha ku mgodi."