Tsiku Limene Ndinapsereza Dayodi ya Azakhali

Ndikukumbukira chaka chimene azakhali anga anabwera kudzakhala nafe ku Katawa, ine ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Ankamaliza maphunziro a zamagetsi, ndipo patebulo lathu ankayalapo timawaya ndi kabolodi kobiriwira konunkha mtovu wosungunuka. Pakati pa kabolodiko panali kachitsulo konga batani la malaya. Ankati ndi dayodi ya leza, yotulutsa kuwala koyezera mtunda.

Koma kuwalako palibe anakuonapo. Akayatsa, khoma linkangokhala mmene linalili, iwo n'kumalemba manambala m'kope. Ankatiletsanso kusuzumira kutsogolo kwake. Ndinayamba kuwakayikira. Mumtima ndinkati akungonamiza bambo kuti azithawa ntchito zapakhomo, zomwe zinkagwera ine.

Loweruka lina atapita kumsika, ndinachotsa mabatire mutochi ya bambo n'kulumikiza kadayodi kaja mwachindunji. Ndinagwira mawayawo kwa kanthawi, maso ali pakhoma. Sipanaoneke kanthu, kachitsuloko kanangonditentha chala. Ndinabwezera zonse m'malo mwake, ndili wokhutira kuti ndawagwira bodza.

Dayodi ija inasiya kugwira ntchito, ndipo masiku awiri azakhali anakhala akuyeza waya uliwonse, nkhope ili gwaa. Kenako anayamba kuyang'ana mchimwene wanga Wongani, yemwe ankakonda kumasula mawailesi. Bambo atamuitana lamba ali m'manja, ndinaulula.

Azakhali sanakalipe. Anandikhazika pambali pawo.

"Kameneka sikadya magetsi mosalekeza ngati babu," anatero. "Kabolodi aka kamakapatsa mphamvu yambiri kwa kanthawi kochepa chomene, kuphethira kwa diso n'kutali, kenako kamakapumitsa. Iwe sunakapumitse, kapsa."

"Nanga bwanji sikankawala?" ndinafunsa misozi ili m'masaya.

Anatenga rimoti ya TV, n'kuiloza pa kamera ya foni yawo. Pagalasi la foniyo panaoneka kadontho kofiirira kakuthwanima, pomwe pa rimotipo maso anga sankaona kanthu.

"Kuwala kwina diso silikuona, koma kwa leza kumaliwononga ndithu. Yewo Chiuta, tithokoze Mulungu kuti unayang'ana khoma."

Dayodi ina inatenga miyezi iwiri kuti ifike kuchokera kunja. Nthawi yopereka ntchito yawo kusukulu inadutsa, ndipo anamaliza chaka chimodzi m'mbuyo mwa anzawo. Sanandikumbutsepo nkhaniyi ngakhale tsiku limodzi.

Lero ndikakayikira munthu, ndimayamba ndamufunsa. Funso lija loti bwanji sikawala ndinali nalo pakamwa milungu itatu, tikudyera mbale imodzi, koma ndinalifunsa nditapsereza kale dayodi, zomwe zinatayitsa azakhali chaka chathunthu.