Chithunzi cha Amayi M'balani ya Fodya

Fungo la fodya wakale likandipeza, ngakhale pamsika, ndimaona agogo anga aamuna ataweramira kamera yawo. Ana tinkawaitana kuti asekulu, monga timachitira kwathu ku Mphamba, pomwe akuluakulu ankangoti a Zimba a kamera. Kuseri kwa nyumba yawo kunali balani yakale ya njerwa, yomwe anasiya kuumitsiramo fodya msana utayamba kuwavuta. Mkati mwake munkakhala mdima ngakhale dzuwa lili paliwombo, makoma ali bii, mitengo yopachikapo fodya idakali m'mwamba, mileme itadzipachika pomwepo ngati ndiyo eni ake. M'menemo ndi momwe ankajambuliramo anthu. Ukalowa unkayamba wamva kaphokoso kosongoka ngati ka udzudzu, kakukwera pang'onopang'ono, ndipo imeneyo inali fulashi ikukoka moto ku mabatire.

Kamerayo anabwera nayo kuchokera ku migodi, komwe anagwirako ntchito ali mnyamata. Sinali bizinesi ayi, inali nthenda chabe, moti agogo aakazi asanamwalire ankaitcha mkazi mnzawo. Ankajambula makanda, akwati, ndi aliyense wogula njinga yatsopano, koma osati mwaulemu. Asekulu anali munthu wovuta. Ankakalipira nkhuku, ankakalipira wailesi, ndipo munthu wobwera kudzajambulitsa ankatuluka m'balanimo atamva zonse za kolala yake yopindika.

Fulashi yawo sankaikhazika pamwamba pa kamera monga ankachitira ojambula a ku boma la Lundazi. Ankaitsekera m'katoni ya sopo, yomwe mkati anamatamo timapepala tonyezimira ta m'mapaketi a ndudu, kukamwa kwake atakungako nsalu yoyera. Katoniyo ankaimangirira pamtengo chakumbali pang'ono kwa munthu wojambulidwa, chingwe chake chikukwawa pansi mpaka ku kamera. Anthu ankaseka kuti a Zimba akuweta mphezi m'katoni.

"Kuwala kuli monga unga," ankatero. "Kufunika kusefa. Ukamupatsa munthu kosasefa, kumamukanda pankhope."

M'mudzi monse munalibe nyumba yopanda chithunzi cha a Zimba pakhoma. Koma mwana wawo weniweni, amayi anga a Esinati, anali asanawajambulepo atakula. Asekulu sankawafuna bambo anga, ndipo tsiku la ukwati anatsekera kamera m'sutikesi n'kupita kudimba kukathirira tomato.

Tinabwera kumudzi kuchokera ku Lusaka bambo atamwalira, ine nditangophunzira kumene kuwerenga. Abale a bambo anatenga chilichonse, mipando, mapoto, ngakhale buku lathu la zithunzi. Amayi anafika ndi chikwama chimodzi ndi chifuwa chosamva mankhwala. Matendawo sankatchulidwa dzina masiku amenewo, anthu ankangoyang'ana pansi. Tsiku lina amayi anapita ku boma kukajambulitsa chithunzi cha chitupa chatsopano, ndipo atabwerako ndinachiona asanachiponye pamoto. Fulashi inawamenya chamaso: chipumi chili phuliphuli, maso atalowa m'maenje, mafupa a masaya ali poyera. Madzulo omwewo anatembenuza kalilole kuti ayang'ane kukhoma.

Patapita masiku, ndikusenda mtedza pakhonde pomwe amayi anagona pamphasa, asekulu anaima pafupi akukanda dazi lawo.

"Esinati, mawa ubwele mu balani. Nifuna nikukope."

Kukopa, kwathu, ndiko kujambula chithunzi.

"Yayi, adada," anayankha amayi osadzutsa mutu. "Pa ukwati wanga munakana. Lelo mwaona kuti nili panjila, mufuna cha kunyamula patsogolo pa bokosi."

Ndinadziwa chimene ankanena. Maliro akamapita kumanda, mwana wa womwalirayo amatsogola atagwira chithunzi chake pachifuwa kuti anthu onse aone. Ine ndinali nditachita kale zimenezo ku Lusaka. Ndinanyamula nkhope ya bambo anga dzuwa likuswa mtengo, azimayi oimba nyimbo ali pambuyo panga, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndikaganiza za bambo sindinkaona munthu woseka uja wondigulira mabanzi, ndinkaona chithunzi cha maliro basi. Amayi ankadziwa, chifukwa ndinkawauza ndikadzuka ndikulira.

"Si cha bokosi," anatero asekulu, akundiloza ndi chibwano. "Ni cha Tiwonge uyu. Akakula azafunsa kuti amama anali na nkhope yabwanji. Tizamuonetsa chani?"

"Nkhope yake iti? Iyi?"

Asekulu anakalipira tambala amene ankajompha mtedza wanga, n'kuchokapo.

M'mawa mwake anabweranso, ati nsalu ya pakatoni yafiira ndi utsi, akufuna ina yoyera, yopyapyala. Amayi anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anandituma kuchikwama chija. Pansi penipeni panali thewera langa la ukhanda, lochapidwa mpaka kufewa ngati khungu la mkati mwa dzanja, chinthu chokhacho chimene abale a bambo sanachione phindu. Asekulu analikunga pakatoni, ndipo masana amayi analola kupita ku balani, atatsamira paphewa langa, akupuma panjira ngakhale panali pafupi.

Asekulu anawakhazika pampando wa ndalema. Sanayambe ndi kamera. Anachotsa fulashi m'katoni n'kuikamo tochi yoyaka, nandiuza kuti ndikatenge kalilole uja wotembenuzidwa. Kuwala kunatuluka pathewera kuli phee, kopanda ukali. Asekulu anasendeza katoniyo kufupi ndi tsaya la amayi, n'kuisendezanso, akung'ung'udza kuti ikayandikira m'pamene kuwala kumafewa, kuti a ku boma sadziwa zimenezi chifukwa amajambula anthu ngati akuthamangitsidwa. Mbali inayo anapachika thumba la feteleza atalitembenuza kuti koyera kukhale kunja, kuti libweze kuwala kutsaya lomwe linali mumdima. Maenje a m'maso aja anayamba kudzaza ndikuona. Mafupa anabwerera m'malo mwake. Sikuti amayi ananenepa, ayi, anali owonda ndithu, koma anali amayi anga, aja a ku Lusaka oimba akusita zovala.

Amayi anagwira kalilole ndi manja onse awiri, ndipo m'balani monse munangomveka kupuma kwawo.

"Adada, nilonjezeni chinthu chimodzi. Mwana wanga asazachinyamule ku manda."

"Nalonjeza."

Anabwezera fulashi m'katoni, kaphokoso ka udzudzu kanayamba kukwera. Amayi anauma thupi monga amachitira anthu onse pamaso pa kamera.

"Iwe, osauma monga chitsa! Sindine wapolisi ine."

Nthawi yomweyo mleme wina m'mwamba muja unachita zake, ndipo zinagwera pakati penipeni pa dazi la asekulu, kuti tapa! Iwo anapendekera cha kukatoni akuutukwana mlemewo ndi makolo ake omwe, koma diso silinachoke pakamera. Amayi anaphulika kuseka, ndipo kuwala kunang'anima. Kuseka kumeneko kunathera m'chifuwa chautali, koma kunali kuseka, ndipo ndiko komaliza komwe ndimakukumbukira.

Masiku amenewo chithunzi sunkachiona pomwepo. Filimu inkapita pa basi ku Chipata kukatsukidwa, ndipo asekulu anali ndi lamulo lawo loti filimu sachotsa m'kamera isanathe. "Chimanga sakolola chachiwisi," ankatero. Mvula inali itayamba, anthu onse ali m'minda, panalibe wokwatira kapena wogula njinga. Kamera inangokhala m'sutikesi.

"Adada, chabwela?" ankafunsa amayi akamva mapazi awo pakhonde.

"Filimu ikalibe kusila."

Ine ndinkadziwa kuti lamulo limenelo linali ndi khomo lakuseri. Ndinali nditawaonapo, chidwi chikawagwira, akumalizira filimu pa mbuzi ndi nkhuku kuti ipite msanga. Ndinawatsatira kudimba kukawachonderera kuti ajambule mbuzi.

"Choka apa, uzanipondela mbeu," anatero, osandiyang'ana n'komwe.

Amayi anafunsa, n'kufunsanso, mawu akucheperachepera. Kenako anasiya kufunsa. Anatisiya nthawi ya chimanga chachiwisi, m'mawa wina kukuwaza kamvula, ine nditapita kukatunga madzi.

Tsiku la maliro amalume anga, ana aamuna a asekulu, anawazungulira kuseri kwa nyumba.

"Adada, tamva kuti munamukopa mlongo wathu. Chili kuti chithunzi?"

"Chili mu kamela."

Amalume anakwiya, koma panalibe chochita. Bokosi linanyamuka popanda chithunzi patsogolo, ndipo anthu ananong'ona njira yonse kuti taonani mwana wa wojambula akupita ngati mlendo, nkhanza za bambo uyu sizinathere pa ukwati. Asekulu anamva zonsezo, chifukwa kwathu kunong'ona kumamveka kutsidya kwa mtsinje. Ine ndinayenda pakati pa anthu, manja anga ali m'manja mwa azakhali.

Anthu atabalalika, m'mawa wina ndinamva kaphokoso kaja kakuchokera ku balani. Ndinasuzumira pachitseko. Asekulu anali okha, akujambula mpando wa ndalema wopanda munthu. Ankadikira fulashi idzaze, n'kujambula, n'kudikiranso, mpaka filimu inatha. Tsiku lomwelo anaipereka kwa kondakitala wa basi ya ku Chipata.

Chithunzi chitabwera anandiitana, n'kundipatsa chili m'kapepala ka pulasitiki. Amayi anali akuseka, mutu utapendekeka pang'ono, kuwala kutagona pa tsaya lawo mofatsa. Chinali chokongola moti ndinakwiya. Ndinawauza asekulu kuti amayi sanachione chifukwa cha iwo, ndipo kwa nthawi yaitali ndinkangowapatsa moni wa pakamwa. Iwo sanadziteteze. Kamera sanaigwirenso, katoni ija inadyedwa ndi chiswe, koma thewera analichotsa n'kulipinda.

Tinadzakamba nkhaniyi ndili wamkulu, maso awo atachita ng'ala, nditabwera kudzawaona kuchokera kusukulu ya uphunzitsi. Ndinawafunsa mosazungulira chifukwa chimene sanamalizire filimu ija pa mbuzi.

"Chikanakhala mu nyumba, amalume ako akanachitenga," anatero. "Pamaso pa mpingo wonse, nikanawakaniza bwanji? Mwambo ni mwambo. Iwe ukanachinyamula, ndipo lelo ukanachibisa pansi pa sutikesi. Mu kamela mokha ni mwamene sakanachifikila."

"Koma amama anafuna kuchiona, asekulu."

Anapukuta maso osaonawo ndi chala chachikulu.

"Enya," anatero. "Anafuna."

Mpaka lero sindidziwa ngati anachita bwino. Masiku ena ndimati anasunga lonjezo. Masiku ena ndimamva mawu aja a pakhonde, akuti chabwela, ndipo mtima umandiwawa ngati ndi dzulo. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndikaganiza za bambo ndimaona manda, koma ndikaganiza za amayi ndimaona munthu akuseka mleme.

Nawonso asekulu anapita kumanda popanda chithunzi patsogolo. Sikuti panali lonjezo, koma munthu amene anajambula mudzi wonse palibe anaganizapo zomujambula, ndipo iwo sakanalola wina kugwira kamera yawo.

Nthenda ija ya kamera ndinatengera. Loweruka ndimajambula ana a anzanga pabalaza panga, ndi nyali ya m'sitolo yokhala ndi chophimba chake choyera chimene amati sofutibokosi, ndipo ndimadzimva ndikukalipira ana osalakwa kuti asaume ngati zitsa. Chaka china ndinapita ndi chithunzi cha amayi ku Chipata kuti akachikulitse. Chitabwera ndinaona chinthu chomwe sindinachionepo pa kakang'ono kaja. M'diso la amayi muli kabwalo koyera ka ngodya zinayi, kuwala kwa katoni ya asekulu. Pangodya imodzi kabwaloko n'kodyeka, pali kamthunzi kakuda kozungulira.

Mwamuna wanga amati ndi fumbi la pa filimu. Ine sinditsutsana naye. Koma ndinalipo tsiku limenelo, ndipo ndikudziwa dazi limene linapendekera kukatoni likuthawa mleme.