Injini ya boti pamtengo wa mango

Ndinanyamuka pa Nsaru Loweruka m'mamawa, jekete lili m'jumbo. Esnati, mwana wa mlongo wanga, ankamanga ukwati kutsidya kwa Bua, ndipo nkhoswe yake ndinali ine. Wakabaza wa njinga yamoto anandidula K4,000 mpaka padooko, ati matope nawo amamwa mafuta. Pa Kabudula ndinagula chimanga chootcha n'kumakukuta njira yonse.

Padooko ndinapeza boti lili m'madzi, injini yake ili pamtengo wa mango, yomangirira panthambi ngati mbuzi yoti aisende. Botilo anatipatsa ndi aphungu athu m'malo mwa mlatho umene analonjeza.

"Yatani kodi?" ndinafunsa a Chimtengo, oyendetsa botilo.

"Ikumazima tikachepetsa moto, bambo. Amakaniko akuichuna."

Amakanikowo, katswiri wa njinga zamoto, ankapotoza kabawuti ka pa kabuleta ndi nsonga ya mpeni. Akapotozera uku injini inkakuwa, akabwezera uko inkatsokomola. Kenaka inayamba kulira mofatsa, tonse m'manja.

"Mwaimva, eti? Ngati wotchi!" anatero amakaniko.

Ataibwezera injini paboti, tinakwera ine, amayi awiri ndi thumba la mtedza. Amakaniko anatsala kumtunda, ati madzi sagwirizana nawo. Tili pakati pa mtsinje a Chimtengo anachepetsa moto kuti tilambalale chitsa, injini zii! Madzi anayamba kutikokera kumunsi. Amayi aja anayambitsa nyimbo ya pamaliro, ine ndi mantha ndinangopezeka ndikuthira besi.

A Chimtengo anabwereka mpeni kwa mayi mmodzi. Ankakoka chingwe, kupotoza kabawuti kaja pang'ono, kukokanso, mpaka injini inagwira.

"Pamtengo paja sinkakankha kanthu," anatero akupukuta thukuta. "Yofunika kuichunira m'madzi momwemuno."

Tinakocheza m'bango, kutali kumunsi, kotsalako ndinayenda wapansi. Ndinafika dzuwa litapendeka, anthu ali kale pa perekaniperekani. Abusa anadikira mpaka kutopa, n'kuimika mlamu wanga, munthu amene mabanja atatu anamukanika, kuti akhale nkhoswe. Zinandiwawa kwabasi.

Esnati anayang'ana matope pathalauza langa. "Amalume, simutisiyira mawu kodi?"

Malangizo onse amene ndinakonza anali atatsalira mumtsinje muja. Ndinawafotokozera iye ndi mwamuna wake za injini ija, kenaka ndinati, "Lero zonse zikumveka bwino chifukwa mukadali pamtunda. Mukadzalowa m'madzi mudzanditumire uthenga, ndidzanyamuka dzulo lake."